Mutu 7: Diso Lolowa M'paipi ya Zonyansa

Nyumba iliyonse yokhala ndi chimbudzi chamadzi ili ndi njira imodzi imene eni ake sanaionepo ndi maso. Njirayi imayambira kuseri kwa chimbudzi, n'kulandira madzi a kubafa ndi a kukhitchini, n'kudutsa pansi pa kapinga, pansi pa simenti ya pabwalo, mwinanso pansi pa galaja, mpaka kukafika pa paipi yaikulu ya khonsolo imene ili pansi pa msewu. Ku South Africa paipi ya panyumbayi kawirikawiri imakhala ya mamilimita 110 m'mimba mwake, ndipo ilibe pampu kapena injini yokankha zonyansa. Chimaziyendetsa ndi kutsetsereka basi. Malamulo a zomangamanga a m'dzikolo amafuna kuti paipi yotere izitsika ndi mita imodzi pa mamita 60 alionse, kapena kuposa pamenepo. Kumeneku n'kutsetsereka kochepa zedi, kosakwana masentimita awiri pa mita imodzi. Dothi likangotitimira pang'ono malo amodzi, kapena muzu ukalowa pamfundo, ulendo wa zonyansa wathera pomwepo.

Mumzinda wa Cape Town mapaipi a khonsolo okhaokha amaposa makilomita 9,000, osawerengera a m'mipanda ya anthu. Amanyamula zonyansa kupita nazo kumalo ozisefera monga Athlone, Zandvliet, Bellville ndi Potsdam, ndipo zina zimakatayidwa m'nyanja kudzera m'mapaipi a ku Green Point, Camps Bay ndi Hout Bay. Khonsolo ya mzindawu imanena kuti antchito ake amatsegula malo otsekeka kapena osefukira oposa 300 pa tsiku, ndipo ambiri mwa malowa amatsekeka chifukwa cha zinthu zimene anthu amataya m'chimbudzi ndi m'sinki. Zosefukirazo sizithera pamsewu. Zimatsata ngalande za madzi amvula mpaka m'mitsinje, ndipo mu 2021 tinyanja ta Zandvlei, Rietvlei ndi Zeekoevlei tinatsekedwa kwa osambira ndi opalasa mabwato chifukwa madzi ake anaipitsidwa ndi zonyansa.

Zizindikiro za paipi yowonongeka aliyense wokhala m'nyumba zoterezi amazidziwa. Mukagejemula, madzi amayamba akwera kaye, kenako n'kumatsika monyinyirika. M'sinki mumamveka phokoso la mpweya. Kuseri kwa khitchini, pakadzenje kolandira madzi a m'sinki kamene mapulambala amati gully, pamadikha madzi akuda onunkha. Pena pabwalo pamakhala malo amodzi pamene kapinga amabiriwira ngakhale kwina konse kwauma. Zonsezi zimangonena kuti pali vuto. Sizinena kuti vutolo n'chiyani, lili pati, ndiponso lili pansi motani.

Kale, ndipo kwa ambiri mpaka lero, yankho linali ndodo ndi piki. Pulambala amalowetsa ndodo zolumikizalumikiza m'paipi, n'kumachokocha mpaka madzi atayenda. Walandira zake, wapita. Pakatha miyezi ingapo vuto lija labwerera. Akaitanidwa kachitatu amati, "Bwana, apa m'pofunika kukumba," ndipo amayamba pamene akuganizira. Amaswa simenti, amazula maluwa, amachotsa njerwa za panjira ya galimoto, mwina n'kupeza kuti paipi ya pamenepo ndi yabwinobwino, vuto lili mamita khumi kutsogolo. Ndalama zambiri pa ntchito yotere sizithera pa paipi yeniyeniyo ayi. Zimathera pa kukumba ndi kubwezeretsa zimene zaphwanyidwa pokumba.

Kamera ikalowa

Maganizo olowetsa kamera m'mapaipi a zonyansa si atsopano. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya IBAK ya mumzinda wa Kiel ku Germany inali itayamba kale kupanga makamera osalowa madzi oti aziyenda m'mapaipi akuluakulu a m'mizinda. Zida za nthawi imeneyo zinali zolemera ndi zodula, zoti munthu wamba sakanazilota. Lero chida chonse chimakwana m'bokosi loti munthu mmodzi anyamula, ndipo mapulambala ambiri a ku Cape Town amayenda nacho m'galimoto zawo.

Kapangidwe kake n'kosavuta kumvetsa. Pali kamutu ka chitsulo chosachita dzimbiri, kokhala ndi diso la kamera pakati ndi timagetsi towala kuzungulira, pakuti m'paipi muli mdima wandiweyani. Kamutuka kali kunsonga kwa chingwe cholimba koma chopindika, chotalika mamita 30 kapena kuposa, chokulungidwa pa gudumu. Pulambala amatsegula manhole, kapena kachivundikiro kamene omanga amasiya dala kuti pazilowera ndodo, n'kumakankha chingwecho ndi manja uku maso ali pa sikirini. Makamera abwino amadziwongola okha, moti ngakhale chingwe chipotoke chotani, pansi pa paipi pamaonekabe kumunsi kwa chithunzi. Pakona ya sikirini pamakhala nambala yosonyeza mamita amene kamera yayenda, ndipo zonse zimajambulidwa n'kusungidwa.

Chimene chimapulumutsa simenti yanu ndi kachida kena kobisika m'kamutu kaja, kotumiza mafunde a wailesi, kawirikawiri a 512 Hz, amene amapyoza dothi. Kamera ikaima pamalo owonongeka, pulambala amatenga chida cholandira mafundewo n'kumayenda nacho pabwalo mpaka chitamusonyeza kuti ndi pano, ndipo kuya kwake n'kwakuti. Amaikapo chizindikiro ndi penti. Ngati m'pofunikadi kukumba, likhala dzenje limodzi pamalo amodzi. M'mapaipi akuluakulu a khonsolo chingwe chokankha ndi manja sichikwanira, ndiye mumalowa kagalimoto kamatayala koyendetsedwa ndi munthu ali pamwamba, kamera yake yotha kucheuka uku ndi uku.

Eni nyumba ambiri sadziwa kuti kamera siona m'madzi akuda. Paipi ikadzaza mpaka kukamwa, sikirini imangoonetsa matope. Choncho ntchito yoyenera imayamba ndi kutsegula ndi kutsuka paipi, kaya ndi ndodo kaya ndi makina opopera madzi mwamphamvu, kenako kamera n'kulowa. Ikalowa iyende pang'onopang'ono, iziima pamfundo iliyonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pulambala wothamangitsa kamera amadutsa mng'alu osauona.

Zimene imapeza pansi pa Cape Town

Mzindawu ndi wakale, ndipo pansi pake pagona mapaipi a mibadwo yosiyanasiyana. M'madera monga Woodstock, Salt River ndi Observatory, kumene nyumba zambiri zinamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, mudakali mapaipi a dothi lootcha. Dothi lootcha silivunda, koma mapaipiwa ndi afupiafupi, ndiye mfundo zimachuluka, ndipo mfundo iliyonse inamatidwa ndi simenti imene imang'ambika nthaka ikasuntha. Apa m'pamene mizu imalowera. Ku Cape Town mvula imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene nyengo yotentha imakhala youma ndi yamphepo. Kwa miyezi yambiri mtengo umakhala ndi ludzu, ndipo paipi ya zonyansa ndiyo malo okhawo pabwalo okhala ndi chinyezi ndi manyowa chaka chonse. Kamuzu kakang'ono kamapeza kamng'alu n'kulowa. Kakalowa kamaphuka timizu tambirimbiri timene timakola mapepala ndi sanza, kwinaku muzu waukulu ukunenepa n'kumakanula mfundo ija. Pa sikirini timizuti timaoneka ngati ndevu zoyera zolendewera m'paipi. Ndodo zimadula mizuyo, madzi n'kuyenda, koma khomo limatsala lotsegula, ndipo n'chifukwa chake pulambala yemwe uja amabwera chaka ndi chaka.

Apa ndilankhuleko ndi abale athu ochokera ku Malawi amene amasamalira maluwa m'mipanda ya ku Constantia, Newlands, Durbanville ndi kwina. Abwana akati mubzale mtengo, yang'anani kaye pamene pali chimbudzi, pamene pali gully ndi pamene pali manhole, chifukwa paipi kawirikawiri imayenda molunjika pakati pa malo amenewa. Mitengo ya mtundu wa kachere ndi mkuyu, komanso bulugama, mizu yake imapita kutali posaka madzi. Achenjezeni abwana lero, chifukwa paipi ikadzatsekeka wodzagwira piki ndinu nomwe.

Nyumba zina zomangidwa kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1970 zili ndi mapaipi akuda otchedwa pitch fibre, opangidwa ndi ulusi wa mitengo wonyika m'phula. Anali otchipa ndi opepuka, ndiye omanga anawakonda. Koma madzi otentha ndi mafuta amawafewetsa, mkati mumatuluka matuza, ndipo kulemera kwa dothi kumawafinya mpaka kuphwatalala. Kudziwa kuti muli ndi paipi yotere n'kofunika musanaitane makina amphamvu otsukira, chifukwa makinawo angathe kuimaliziratu. Mapaipi apulasitiki amakono salola mizu msanga, koma nawo amavutika omanga akapupuluma. Pansi pa ngalande pakapanda kusinjidwa bwino, pakati pa paipi pamatitimira n'kukhala chithaphwi chosauma, m'mene zolemera zimadikha tsiku ndi tsiku. Kamera ikafika pamenepo imamira, n'kukatulukira kutsogolo, ndipo nambala ya mamita imanena kutalika kwa malo otitimirawo.

Ku Cape Flats, chigwa chachikulu kumene kuli Khayelitsha, Mitchells Plain, Gugulethu, Philippi ndi Delft, mdani wina ndi mchenga. Nthaka ya kumeneko ndi yamchenga, ndipo m'nyengo yamvula madzi apansi amakwera kufika pafupi ndi pamwamba. Paipi ikakhala ndi mng'alu sikuti zonyansa zimangotuluka, madzi apansi nawo amalowa atanyamula mchenga. Mchenga umene walowa m'paipi wachoka penapake, ndiye pamwamba pa paipiyo pamayamba mphako, tsiku lina bwalo kapena msewu n'kugumukira mkati. Akuba akazula zivundikiro zachitsulo za manhole n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale, dzenje lotsala pululu limameza mchenga, miyala, matayala ndi zinyalala za dera lonse.

Ndiye pali zimene timaikamo tokha. Mafuta ophikira ndi a nyama amalowa m'sinki ali amadzimadzi, koma akafika m'paipi yozizira amaundana n'kumatirira m'mbali, njira n'kumachepa mwezi ndi mwezi. Mapepala a kuchimbudzi anapangidwa kuti azisungunuka m'madzi. Nyuzipepala, tinsalu tonyowa topukutira ana, matewera, mapadi, makondomu ndi sanza sizisungunuka, ndipo zikakumana ndi mafuta aja zimagwirana n'kulimba. Mu 2017 antchito a Thames Water ku London anapeza chimulu chotere pansi pa dera la Whitechapel, cholemera matani 130 ndi chotalika mamita 250, ndipo chidutswa chake chinakaikidwa ku Museum of London kuti anthu aone zimene amataya. Mankhwala oopsa monga caustic soda amene ambiri amathira m'sinki angasungunule mafuta pang'ono, koma sachotsa muzu, sawongola paipi yophwatalala, ndipo amawotcha manja ndi maso a munthu wodzatsegula paipiyo pambuyo pake.

Chilala chimene chinagwa kuyambira 2015 mpaka 2018 chinaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Damu la Theewaterskloof litaphwa kwambiri, kuyambira pa 1 Febuluwale 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku. Anthu ankagejemula mwa apo ndi apo, ndi madzi osambira owasungira m'ndowa. Anachita bwino, ndipo mipopi ya mzindawu sinatsekedwe monga ankaopera. Koma paipi ya zonyansa imadalira madzi oyendamo kuti aitsuke, ndiye madzi akachepa zolimba zimatsalira m'njira. M'nyengo yamvula vuto limatembenuka: anthu ena amalumikiza madzi a padenga ku paipi ya zonyansa, zimene lamulo la khonsolo la 2013 limaletsa, ndipo mvula ikatsanuka mapaipi amadzaza, zonyansa n'kukatulukira m'nyumba za anthu a kumunsi amene sanalakwe kalikonse.

Alipire ndani?

Kwa ine phindu lalikulu la kamera si ndalama zokha, koma chilungamo. Paipi ya mkati mwa puloti, kufikira pamene yalumikizana ndi ya khonsolo, ndi udindo wa mwini nyumba, pamene yaikulu ya mumsewu ndi ya khonsolo. Nambala ya mamita ija ndi penti ya pansi zimathetsa mkangano umene kale unkatenga masabata. Mukaona kuti ndi manhole ya mumsewu imene ikusefukira, kapena kuti anzanu oyandikana nawo akuvutikanso, musathamangire pulambala. Kaneneni ku khonsolo, ndipo musunge nambala ya dandaulo lanu imene akupatseniyo.

Amalawi ambiri ku Cape Town amachita lendi tizipinda ta kuseri kwa nyumba za anthu ku Dunoon, Joe Slovo Park, Masiphumelele, Imizamo Yethu ndi Capricorn. Puloti imene anaikonzera banja limodzi imasunga mabanja angapo, onse pa chimbudzi chimodzi ndi paipi imodzi. Zina mwa zipindazi zinamangidwa pamwamba penipeni pa paipi, zina zinakwirira manhole, moti pulambala amasowa polowera. Chimbudzi chikatsekeka pamalo otere, chala chimaloza wobwera kumene, wolankhula chilankhulo china, kapena mayi wa mwana wakhanda. M'nyumba za olemera chimaloza wantchito wa m'khitchini. Nthawi zina n'zoona, kamera imaonetsa thewera kapena mafuta, ndipo wolakwayo avomere. Koma nthawi zina imaonetsa muzu wa mtengo umene unabzalidwa wantchitoyo asanabadwe, kapena paipi yosweka ndi maziko a chipinda chimene landilodi anamanga yekha. Kumudula munthu malipiro kapena kumutulutsa m'nyumba pa mlandu umene palibe anauona ndi maso ndi nkhanza, makamaka lero pamene njira yoonera ilipo.

Ndiwonjezerepo chenjezo limodzi kwa a maganyu. Wina akakupatsani ndalama kuti mutsikire m'manhole yakuya kapena m'thanki ya zonyansa, kanani. Zonyansa zikamavunda zimatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha mazira oola. Ukachuluka umapha mphuno, munthu n'kuganiza kuti fungo latha, kenako amakomoka. Pa ngozi zotere kawirikawiri amafa si mmodzi, chifukwa wachiwiri amatsikira kukapulumutsa woyamba. Makamera ndi makina opopera madzi anabwera kuti munthu azigwira ntchitoyi ali pamwamba.

Wogula nyumba nayenso asamale. Cape Town ili ndi lamulo la za madzi la 2010 lofuna kuti nyumba isanasinthe umwini, pulambala wovomerezeka apereke chiphaso. Chiphasocho chimatsimikizira zinthu monga mita ya madzi, giza, kusadontha kwa mapaipi a madzi akumwa, ndiponso kuti madzi amvula sakulowa m'paipi ya zonyansa. Sichinena kanthu za mizu, ming'alu kapena kutitimira kwa paipi ya pansi. Nyumba zambiri zimagulitsidwa pa mfundo ya voetstoots, kutanthauza kuti mwaigula mmene iliri. Kuyambira mu 2022 wogulitsa kudzera mwa ejenti ayenera kulemba fomu youlula zolakwika zimene akuzidziwa, koma munthu sangaulule chimene sanachionepo. Nyumba ikakhala yakale, mitengo ikuluikulu ili pafupi, lipirani kamera musanasaine. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wofukula bwalo lonse.

Kamera inatsegulanso njira yokonzera paipi osakumba. Mu 1971 Eric Wood ku London anayesa kulowetsa m'paipi yakale thumba lalitali la nsalu yonyika mu utomoni, n'kulifufumitsa kuti ligwire m'mbali mpaka utomoniwo utauma. Mkati mwa paipi yakale munabadwa yatsopano, yopanda mfundo zolowera mizu. Njirayi lero ili padziko lonse, ndipo singatheke popanda kamera yoona paipi ntchito isanayambe ndiponso itatha. Khonsolo ya Cape Town inayamba kugwiritsa ntchito njira zosakumba pokonzanso makilomita 28 a mapaipi akuluakulu a ku Cape Flats, ndipo Geordin Hill-Lewis, amene anakhala meya mu 2021, anaika cholinga chosintha makilomita 100 a mapaipi a zonyansa chaka chilichonse. Koma paipi imene yagweratu kapena yotitimira pakati siingawongoledwe ndi thumba. Imeneyo ndi ya fosholo basi.

Tisabise kuti kamera ingakhalenso chida choopsezera. Mkati mwa paipi iliyonse, ngakhale yabwino, mumaoneka monyansa kwa munthu wosazolowera, ndipo pulambala wadyera angaloze kamng'alu kosavuta n'kunena kuti paipi yonse yatha. Choncho kamera ikamalowa muimirire pomwepo. Muuzeni ayambe kujambula kamera idakali kunja, kuti khoma lanu ndi bwalo lanu zioneke m'kanemayo. Mufunse kuti paipi ndi ya mtundu wanji, vuto lili pa mita yachingati, ndiponso ngati kamera yafika mpaka polumikizira ya khonsolo. Kanemayo mwalipira ndinu, ndiye akupatseni, pa foni kapena pa fulashi. Ntchito imene akunena ikakhala ya ndalama zambiri, kaonetseni pulambala wina, ndipo onse awiri akhale olembetsedwa ku bungwe la Plumbing Industry Registration Board.

Kwathu ku Malawi mapaipi a khonsolo afika m'madera ochepa chabe. Ku Lilongwe alipo opita ku Kauma, ndipo ku Blantyre aliyense wowoloka mtsinje wa Mudi amadziwa fungo la mapaipi osakonzedwa. Nyumba zambiri zatsopano, kuphatikizapo zomangidwa ndi ndalama za ku Joni, zili ndi chimbudzi chamadzi ndi thanki yakeyake ya zonyansa kuseri. Mizu, mafuta ndi kutitimira kwa dothi n'zomwezo, koma pulambala wa kamera ndi wosowa. Inu amene mukumanga, kaya muli pamalopo kaya mukutumiza ndalama muli ku Cape Town, musalole kuti amisiri akwirire ngalande musanaione. Athiremo madzi muone ngati akuyenda mpaka kumapeto, asiye potsegulira pakona iliyonse, ndipo wina ajambule ngalande yonseyo ndi foni, khoma la nyumba likuoneka, kuti wodzakonza m'tsogolo adzadziwe pamene paipi inadutsa.